Mtsikana wokana zimene anthu amuikira: amakhala bwanji ngwazi m'nkhani, osati mwana wamwano chabe?

Nangondo

Moni nonse. Funso langa likupita kwa inu amene mumaphunzitsa zolembedwa kapena kulemba nkhani. M'mabuku ambiri mumapezeka mtsikana amene akuuzidwa kuti akwatiwe, akhale chete, kapena asiye sukulu, iye n'kukana. Akatswiri amati ameneyu ndi archetype, kutanthauza mtundu wa mpangankhani umene umabwerabwera m'nkhani za mayiko osiyanasiyana. Chimene chikundizunguza mutu ndi ichi: nkhani zina ukawerenga, mtsikanayo umamulemekeza, mpaka kumuganizirabe patapita masiku buku utalitseka. Zina ukawerenga umangoona mwana wamwano amene mlembi akumuikira kumbuyo. Chonsecho onse awiri akana chinthu chofanana. Kusiyana kwake kumagona pati? Kodi pali zigawo zimene nkhani yotere siyenera kusowa? Nanga wofuna kulemba yake m'Chichewa ayambire pati, apewe chiyani? Chonde mundipatse zitsanzo zenizeni za m'mabuku, osangoti "akhale wolimba mtima", poti zimenezo aliyense amanena.

aMbewe

A Nangondo, mwagunda pamene pagona nkhani. Liwu loti archetype mulione ngati chikombole cha njerwa. Dothi likhoza kukhala la ku Greece, la ku England kapena la ku Zimbabwe, lina lofiira lina lakuda, koma njerwa zikauma ngodya zake zimafanana. Kuti chikombolecho muchione bwino, tengani njerwa yakale kwambiri, sewero la Antigone limene Sophocles adalemba ku Athens cha m'ma 441 Khristu asanabadwe.

Alongo ake awiri a Antigone, Eteocles ndi Polyneices, aphana polimbirana ufumu wa mzinda wa Thebes. Mpando wagwera Creon, mlongo wa mayi awo, ndiye kuti malume awo enieni, amene kuno tikadati mwini mbumba. Creon walamula kuti Eteocles aikidwe m'manda mwaulemu wonse, koma Polyneices, popeza adabwera ndi ankhondo achilendo kudzathira nkhondo kwawo komwe, mtembo wake usiyidwe pamtetete kuti agalu ndi mbalame zidye. Woukwirira aponyedwa miyala mpaka kufa. Antigone akupita kukaukwirira.

Tsono onani apa. Antigone sakuswa lamulo la malume ake pofuna kuti azichita zake. Akumvera lamulo lina, loti wakufa aikidwe ndi abale ake, ndipo lamulo limenelo aliyense woonera seweroli amalidziwa ndi kuliopa. Malamulo alipo awiri, onse olemera, ndipo tsiku limeneli sikutheka kuwasunga onse. Apa ndi pamene ngwazi imasiyana ndi nkhutukumve. Nkhutukumve amakana chifukwa safuna. Ngwazi imakana chifukwa pali china chimene singathe kuchisiya ngakhale itafuna. Musanalembe mzere woyamba wa nkhani yanu, lembani ziganizo ziwiri papepala lapadera. China chinene zimene abale akufuna kuti mtsikanayo achite, pamodzi ndi chifukwa chawo. China chinene chimene chikumuletsa. Chachiwiricho chikangothera pa "sakufuna" kapena "akudziwa ufulu wake", nkhaniyo sinapse, ibwezeni pamoto.

Creon naye si chilombo. Mzinda wangopulumuka kumene ku nkhondo, magazi sadaume. Iye akufunsa kuti ngati woukira mzinda alemekezedwa chimodzimodzi ndi wouteteza, mawa ndani adzaima pachipata? Limenelo ndi funso lenileni, ndipo Sophocles adampatsa malo okwanira kuti alifunse. Seweroli lili ndi mizere pafupifupi 1,350. Antigone amachoka pabwalo mizere isanakwane 950, sabweranso, ndipo Creon amalankhula zambiri kuposa iye. Olemba ambiri amagwera apa. Bambo kapena malume amangowalemba ngati chidakwa chosusukira chiwongo, osawapatsa chifukwa chimene munthu wanzeru angachimve. Woteroyo aliyense akhoza kumukana, ndiye kukanako kulibe ulemu uliwonse.

Pambali pa mtsikana wokana payenera kuima wina wovomera, ndipo wovomerayo asakhale chitsiru. Kwa Antigone ndi mng'ono wake Ismene. Zifukwa za Ismene n'zomveka: m'banja lonse tatsala awiri tokha, ndife akazi, amene akulamula ali ndi mphamvu kutiposa. Owerenga ambiri akadakhala pamenepo akadachita za Ismene, ndipo mumtima amadziwa. Kudzera mwa iye timayeza kutalika kwa phazi limene Antigone waponya. Komanso zinthu zitathina, Ismene akubwera kudzati nayenso anachita nawo kuti afere limodzi, Antigone n'kumukankha ndi mawu owawa. Pamenepo Antigone sakukoma ayi, ndipo Sophocles sadamubisire chilema chimenecho. Mtsikana wopanda chilema chilichonse owerenga samukhulupirira.

Chimene ndimachikonda koposa m'seweroli ndi kuchepa kwa chimene Antigone wachita. Sanakumbe manda, sanasonkhanitse anthu, sanalankhule pamsonkhano. Wangowaza fumbi pa mtembo. Alonda atapeza fumbilo alisesa, n'kukhala chapatali mbali yochokera mphepo pothawa fungo. Dzuwa lili paliwombo kwauka kamvulumvulu, ndipo fumbi litatsika akumuona mtsikanayo ali pamtembo, akulira ngati mbalame yopeza chisa chopanda ana. Watolanso fumbi ndi manja, wathira nsembe katatu kuchokera mumtsuko wamkuwa, amugwira. Atamufunsa sanakane. Ulendo woyamba wina akadati unali mtima wapachala. Wachiwiri ndi wa munthu amene waganiza, akudziwa kuti alonda alipo. N'chifukwa chake ndimalangiza kuti kukana kwa mtsikana wanu kuoneke ndi manja, kukhale chinthu choti wina angachione ali chilili pakhonde, ndipo kuchitike kawiri.

Mtengo wake amaudziwa asanayambe, ndipo amaulipira wonse. M'malo momuponya miyala, amutsekera wamoyo m'phanga. Popita kumeneko sakuyenda monyada, akulira kuti sadzalawa ukwati kapena kulera mwana, chonsecho anali pachitomero ndi Haemon, mwana wa Creon yemweyo. Mukachotsa kulira kumeneku, mwachotsa mtengo, chifukwa munthu wotaya chimene sachifuna sanataye kanthu. Chikombole chimenechi n'cholimba moti anthu akhala akuumbiramo njerwa zawo. Jean Anouilh adaonetsa Antigone wake ku Paris mu 1944 dziko lili m'manja mwa asilikali a Germany, ndipo mu 1973 Athol Fugard, John Kani ndi Winston Ntshona adapanga The Island, momwe akaidi awiri a pachilumba chofanana ndi Robben Island ya ku South Africa akukonzekera kusewera mlandu wa Antigone m'ndende.

NaBanda

Zimene afotokoza a Mbewe ndikugwirizana nazo. Ndiwonjezere mbali imene olemba atsopano amaizemba, ndiyo ndalama. Mtsikana akakana lero, mawa adya chiyani, agona kuti? Alembi odziwa ntchito yawo amawerengetsa ndalamazo pamaso pa owerenga, tambala ndi tambala.

Jane Austen adatulutsa Pride and Prejudice mu 1813. Banja la Bennet lili ndi ana asanu, onse aakazi. Malo awo a Longbourn amabweretsa mapaundi 2,000 pachaka, koma pangano la cholowa likuti bambo akamwalira malowo apite kwa wachibale wamwamuna, Mr Collins. Cha mayi ndi ana ake ndi mapaundi 5,000, ndiye kuti 1,000 mwana aliyense, nazonso mayi akadzamwalira. Pofunsira Elizabeth m'mutu 19, Collins akumukumbutsa yekha za 1,000 imeneyo ndi chiwongoladzanja chake cha 4 pa 100, chomwe ndi mapaundi 40 okha pachaka. Choncho Elizabeth akamati ayi, sakukana mwamuna wotopetsa chabe. Akukana denga limene likadafunda amayi ake ndi abale ake anayi. Mkwiyo wa amayi akewo uli ndi maziko. Pasanathe masiku atatu mnzake wapamtima Charlotte Lucas, wa zaka 27, wamulola Collins yemweyo, ndipo akufotokoza mosapsatira kuti iye chimene akufuna ndi nyumba yokhazikika. Ameneyo ndiye Ismene wa bukuli.

Mu Jane Eyre, buku limene Charlotte Brontë adatulutsa mu 1847 pogwiritsa dzina lachimuna la Currer Bell, kuwerengetsa n'kowawa koposa. Jane ndi mwana wamasiye, amaphunzitsa mwana m'nyumba ya Rochester pa malipiro a mapaundi 30 pachaka. Tsiku la ukwati wawo, m'mutu 26, zaululika kuti Rochester ali ndi mkazi wamoyo amene adamutsekera m'chipinda chapamwamba. Rochester akumuchonderera kuti apite naye kunja akakhale ngati banja. Jane amamukonda mwamunayo, ndipo palibe wachibale amene angamudzudzule. Wadzuka m'bandakucha, wasiya mkanda wamtengo wapatali umene adampatsa, watenga mashiling'i 20 amene anali nawo. Onse athera pa ngolo yokwera, ndipo potsika waiwalamo kaphukusi kake. Zotsatira zake mlembi sanazidumphe: kugona patchire, kuyesa kusinthanitsa mpango ndi magolovesi ndi kachidutswa ka buledi koma kukanidwa, kupempha phala lozizira limene mwana amati akathire nkhumba. Masamba amenewo ndi amene amatipangitsa kukhulupirira kukana kwake. Kenako akukananso kachiwiri, ulendo uno St John Rivers, mbusa wolemekezeka wofuna kumukwatira kuti akatumikire limodzi ku India popanda chikondi. Woyamba amamuitanira ku chikondi chopanda lamulo, wachiwiri ku lamulo lopanda chikondi. Mukafuna kuti mtsikana wanu aoneke kuti ali ndi msana wakewake, mupatseni mayesero awiri ochokera mbali zosiyana chotere. Akangokana mbali imodzi, owerenga amaganiza kuti ndi wa gulu linalo.

Koma kwa wolemba m'Chichewa, buku loti muliwerenge ndi pensulo m'manja ndi Nervous Conditions la Tsitsi Dangarembga, la mu 1988. Nkhani ikuchitika m'dziko la Rhodesia, limene lero ndi Zimbabwe, m'zaka za m'ma 1960 mpaka kuchiyambi kwa m'ma 1970. Ndalama za sukulu zachepa, banja lasankha kuti apitirize mnyamata, Nhamo, mlongo wake Tambu akhale. Bambo ake akumufunsa ngati angaphike mabuku n'kudyetsa mwamuna wake. Tambu sanayankhe mwano. Wapempha mbewu. Walima kamunda kake pamalo amene ankalima agogo ake, kudzuka kusanache kuti ayambe watunga madzi, alime kwake, kenako akalime kwa makolo. Chimanga chitakhwima chayamba kusowa, ndipo zadziwika kuti akuthyola ndi Nhamo n'kumagawira anzake. Tambu wamugwetsa pansi pamaso pa anthu kutchalitchi. Mphunzitsi wina, a Matimba, amutengera ku Umtali, kumene lero ndi ku Mutare, kukagulitsa chotsalacho, ndipo mayi wachizungu wokalamba wapereka mapaundi 10. Ndalamazo sizinafike kunyumba. Zasungidwa kusukulu ngati fizi, ndipo bambo ake atapita kukazifuna ati n'zawo poti mwana ndi wawo, sanapatsidwe.

Taonani kuchuluka kwa masitepe pa chinthu chimodzi chokha: kupempha mbewu, kulima, kuba, ndewu, ulendo wa m'tauni, kulimbirana ndalama. Pa sitepe iliyonse pali wina woima panjira, ndipo aliyense ndi wa m'nyumba momwemo. Komanso Dangarembga sanamunamizire Tambu kuti chimanga ndicho chinamufikitsa ku sukulu ya mishoni. Chinamufikitsako ndi imfa ya Nhamo mu 1968, popeza panalibe mnyamata wina woti atenge malowo. Buku limatsegula ndi Tambu akuvomera kuti imfa ya mlongo wakeyo sinamumvetse chisoni, ndipo masamba onse otsatira ndi ofotokoza mmene mwana angafikire polankhula mawu oopsa chotero.

Amene akuima m'malo a Creon ndi Babamukuru, abambo aakulu a Tambu, mkulu wa sukulu ya mishoni. Ndi amene amalipirira ana fizi, amabweretsa nyama pa Khirisimasi, mbumba yonse imadya m'manja mwawo. Kukana munthu wokudyetsa n'kovuta kuposa kukana wokumenya. Atakonza zoti makolo a Tambu akamange ukwati wa kutchalitchi ali akuluakulu kale, Tambu akuona kuti makolo ake asanduka choseketsa. M'mawa wa tsikulo wangogona pabedi, thupi lakana kudzuka. Chilango chake ndi zikoti 15 ndi masabata awiri ogwira ntchito za wantchito wa m'nyumba. Msuweni wake Nyasha, wokulira ku England, amakana mokweza mawu mpaka kubwezera bambo ake dzanja, ndipo pomaliza mkangano wonse ukuthera m'thupi lake lomwe, kusanza chakudya mpaka kudwala zedi. Atsikana awiri, nyumba imodzi, makanidwe awiri, mitengo iwiri.

Ndiye musanalembe, khalani pansi mulembe chuma cha banja la m'nkhani yanu: matumba angati a chimanga, atha mwezi uti, fizi ndi zingati, amalipira ndani, wofunsirayo wabweretsa kale chiyani chimene chadyedwa ndipo sichingabwezedwe. Zambiri mwa izi sizidzalowa m'nkhani, koma mayi wa mtsikanayo akadzatsegula pakamwa adzalankhula ngati munthu amene wasuzumira m'nkhokwe.

Nangondo

Zikomo a Mbewe ndi a NaBanda, za ziganizo ziwiri ndi za kuwerengetsa chuma zandilowa. Koma nanga nthano zathu? M'mene ndikuzikumbukira, mtsikana wokana amuna amathera m'manja mwa fisi. Kodi si ndiye kuti kwa ife chikombolechi n'chachilendo? Ndipo mathero ake, kodi mtsikanayo ayenera kufa kapena kukwatiwa basi?

Mphunzitsi Chisale

A Nangondo, chikombole si chachilendo ayi. Nthano mwatchulayo ili nacho chonse, kungoti imagamula mlandu mokomera mbali inayo. Mtsikana wakana anyamata onse a m'mudzi, kwabwera mlendo wosalala, wamulola, makolo aletsa, iye wapita. Usiku mlendoyo ndi anzake asanduka afisi, akuzungulira nyumba kuimba kuti nyama idikire kaye inone. M'kafotokozedwe kena, wompulumutsa ndi kamlongo kake kodwala maso kamene iye amakanyoza n'kukagoneka m'khola la nkhuku. Kamamanga chingwe ku chala chakuphazi cha mtsikanayo kuti kamukoke afisi akayamba nyimbo, amve ndi makutu ake. Chiletso chilipo, kuswa chiletso kulipo, mtengo ulipo. Vladimir Propp, atasanthula nthano 100 za ku Russia m'buku lake la mu 1928, adapeza zochitika 31 zimene zimabwera motsatana, ndipo chachiwiri ndi chachitatu ndi zomwezi, chiletso ndi kuswa chiletso. Popanda woswa chiletso nthano siyenda.

Zimenezi zili ndi tanthauzo lalikulu kwa wolemba m'Chichewa. Owerenga anu adakula akuyankha "tilitonse" ku nthano imene wokana amamva nkhwangwa ili m'mutu. Akangoona mtsikana akukana mwamuna, khutu lawo layamba kale kudikira fisi. Muyenera kudziwa kuti akudikira, n'kusankha chochita nacho. Mtsikana wa m'nthano amakana chifukwa chonyada, anyamata a kwawo akuti n'ngosaoneka bwino, ndipo sataya kanthu pokana. Wanu aoneke msanga, m'masamba awiri oyamba, kuti si wonyada: amatunga madzi, amagwada popereka nsima, amawakonda amayi ake. Ulemu wake ukaoneka kaye, kukana kwake kumagunda ngati bingu.

Pa mbali ya zigawo, ambiri akuuzani za Joseph Campbell, amene mu 1949 adalongosola ulendo wa ngwazi m'masitepe 17, ogawidwa patatu: kuchoka kwawo, kuyesedwa, kubwerera. Muwerenge, koma musamuveke mtsikana wanu malaya amenewo mokakamiza, chifukwa amang'ambika malo awiri. Mnyamata wa Campbell mdani wake ali kutali, kuseri kwa phiri, pamene mtsikana mdani wake amadya naye mbale imodzi, ndipo mawa lake ayenera kumupatsa moni. Ndipo mnyamata akabwerera amamulandira ndi nthungululu, pamene mtsikana akabwerera amapeza mphika womwe uja ukumudikira pamafuwa. Maureen Murdock adalemba buku mu 1990 pofuna kukonza zimenezi, ndipo mfundo yake yothandiza ndi yoti mtsikana wotere nthawi zambiri amayamba ndi kutalikirana ndi amayi ake, ulendo wake n'kukathera pofunafuna njira yobwerera kwa iwo. Kwa Tambu zimenezi zimaoneka bwino lomwe.

Pali chimodzi chimene ndikufuna kuwonjezera pa zitsanzo za a NaBanda. Zonse zitatu zikhoza kumupangitsa munthu kuganiza kuti kukana kumaloza kusukulu, kutauni kapena ku ufulu wa munthu payekha. Si nthawi zonse. Mu The River Between la Ngugi wa Thiong'o, la mu 1965, Muthoni ndi mwana wa Joshua, mlaliki wolimba wa ku Makuyu, m'dziko la Kenya. Chimene bambo ake amayembekeza n'choti asayandikire miyambo ya Agikuyu. Iye wathawira kwa azakhali ake ku Kameno, tsidya lina la mtsinje wa Honia, kuti akachite mdulidwe wa atsikana, akufuna kukhala Mkhristu komanso mkazi wokwanira pamaso pa mtundu wake. Bala silinapole, wafera ku chipatala cha mishoni ku Siriana. Mchitidwe umenewu ndi woopsa, dziko la Kenya lidauletsa ndi lamulo mu 2011, ndipo bukuli silibisa kuti ndi umene wamupha. Koma likutionetsa kuti "zimene anthu amayembekeza" si chinthu chimodzi. Tchalitchi chimayembekeza zake, ankhoswe zawo, aphunzitsi zawo, anzake a msinkhu wake zawo. Mtsikana akakana gulu lina amakhala wavomera lina, ndipo mlembi ayenera kudziwa kuti ndi liti.

Mulan wa m'ndakatulo yakale ya ku China, ya m'nthawi ya ufumu wa Northern Wei, naye ali chomwecho. Ndakatulo imayamba iye ali pa chowombera nsalu akuusa moyo, chifukwa bambo ake aitanidwa ku nkhondo ndipo mnyamata wamkulu m'nyumbamo mulibe. Wagula hatchi ndi zipangizo zake m'misika inayi, wapita m'malo mwawo, anzake ayenda naye zaka 12 osadziwa kuti ndi mkazi. Mfumu itampatsa udindo waukulu wakana, wapempha chokwera chomufikitsa kwawo, wavalanso zovala zake zakale. Waswa mwambo wa zovala ndi wa nkhondo pofuna kusunga mwambo wolemekeza kholo. Ndi malamulo awiri aja a Mbewe amanena.

NaPhiri

Ndiyankhe za mathero, poti pamenepo ndi pamene nkhani zabwino zambiri zimathyokera mwendo.

N'zoona kuti mabuku akale amakonda makomo awiri, manda ndi ukwati. Antigone ndi Muthoni afa. Maggie Tulliver wa George Eliot, mu The Mill on the Floss la mu 1860, wamira m'madzi osefukira pamodzi ndi mlongo wake Tom. Elizabeth ndi Jane akwatiwa. Chifukwa chake chinali chenicheni: ku England mpaka malamulo a mu 1870 ndi 1882, chuma cha mkazi wokwatiwa chimagwera m'manja mwa mwamuna, ndipo ntchito zoti mkazi wophunzira adzidyetse yekha zinali zochepa. Brontë adachita kubweretsa mapaundi 20,000 a cholowa kuchokera kwa mbale wa bambo ake a Jane ku Madeira, Jane n'kuwagawa panayi ndi asuweni ake, kuti abwerere kwa Rochester ngati munthu woima payekha. Adachitanso kuwotcha nyumba, kupha mkazi woyamba, ndi kumusiya Rochester wakhungu ndi wa dzanja limodzi. Msoko umenewu umaonekera, ndipo Jean Rhys mu 1966 adatulutsa Wide Sargasso Sea pofuna kufunsa kuti mkazi wotsekeredwa uja, wochokera ku Jamaica, nkhani yake inali yotani. Funso limenelo mudzifunse inunso: kuti mtsikana wanga apambane, ndani wina wamkazi amene ndamupondereza osamupatsa mawu? Kawirikawiri amakhala mayi womupeza, mkazi wamkulu kapena namkungwi.

Imfa ndi yololedwa pokhapokha itamera kuchokera ku zimene mtsikanayo wasankha. Ya Antigone imachokera ku lamulo limene adalidziwa. Koma mlembi akasowa pomutula mtsikana n'kubweretsa galimoto yomugunda kapena malungo a m'tsamba lomaliza, owerenga amamva kuti awabera. Chimodzimodzi ndi mpulumutsi wochokera kunja. Galimoto yoyera ya bungwe ikafika pamudzi patsamba lomaliza n'kumutenga mtsikana, ngwazi yasanduka galimotoyo. Wothandiza akhoza kukhalapo, monga a Matimba kwa Tambu, koma afike chimanga chitalimidwa kale, ndipo thandizo lake litseke bowo limodzi lokha.

Khomo lachitatu lilipo. Flora Nwapa adatulutsa Efuru mu 1966. Efuru, mwana wa munthu wolemekezeka wa Chiigbo ku Nigeria, akuthawira kwa Adizua chiwongo chisanaperekedwe, ndipo ndi malonda ake amene akupeza ndalama zokaperekazo. Mwana wawo Ogonim wamwalira, Adizua wapita ndi mkazi wina, ukwati wachiwiri ndi Gilbert nawo watha atamunamizira chigololo. Pomaliza wabwerera kunyumba ya bambo ake, wopanda mwamuna, wopanda mwana, wochita bwino pa malonda, wotumikira Uhamiri, mzimu wamkazi wa m'nyanja. Sanafe, sanathawe m'mudzi, ndipo anthu amamufunabe akakhala pamavuto. Tambu naye nkhani yake imatha ali pa sukulu ya asisitere ya Sacred Heart, wapeza chimene ankafuna, koma mawu a amayi ake oti Chingerezi chiwapha ana awo ayamba kumuluma mumtima. Mathero otere amasiya chimodzi chapezeka, china chatayika, ndipo owerenga amatha kutchula zonse ziwiri.

Mukaika nkhani yanu m'Malawi, samalani chaka, chifukwa chimene mtsikana akuswa chimasintha ndi nthawi. Kuyambira 1973 mpaka 1993 mkazi kuvala buluku kapena siketi yaifupi kunali kuswa lamulo la dziko, osati mwambo chabe. Fizi ya ku pulayimale idachotsedwa mu 1994, ndiye nkhani ya mwana wolimira fizi ya Sitandade 4 iyenera kukhala ya kale kuposa apo, apo ayi vuto likhale yunifomu, mayeso kapena sekondale. Lamulo la maukwati la mu 2015 lidaika zaka 18, ndipo mu 2017 malamulo aakulu a dziko adasinthidwa kutseka mpata woti makolo avomereze ukwati wa mwana wochepera pamenepo. Choncho mtsikana wokana ukwati mu 1985 alibe lamulo kumbuyo kwake, pamene wa mu 2020 lamulo ali nalo koma kuligwiritsa ntchito ndi kutengera amayi ake kapena malume ake kupolisi, ndipo mtengo wake ndi umenewo. Samalaninso dera. Kwa a Babamukuru mphamvu ili kuchimuna. Kumene kuli chikamwini, mawu omaliza pa mwana ndi a malume, bambo womubereka ndi mkamwini pamudzipo, ndipo munda umene mtsikana angataye kapena kusunga ndi wa kuchikazi. Mukasokoneza zimenezi, wowerenga wa ku Dedza kapena ku Mzimba aona patsamba loyamba lomwe.

Ngati ndi nkhani yaifupi ya mawu 3,000, zochitika zisanu kapena zisanu ndi chimodzi zakwana, ndipo anthu olankhula asapitirire anayi: mtsikana, womulamula, wovomera, ndi amayi ake ngati si iwo olamulawo. Chochitika chachikulu, pampondachimera, chisakhale ulaliki wa mtsikana pabwalo la amfumu. Mtsikana woleredwa bwino sayang'ana malume ake m'maso n'kuwayankha ndime zitatu. Mawu ake asapitirire ziganizo ziwiri kapena zitatu, awanene ali chogwada, akuwatchula "inu", ndipo chotsala achite ndi manja: nsalu yachikole aipinde bwinobwino, aiike pamphasa patsogolo pa ankhoswe, abwerere chammbuyo mpaka pakhomo.